Mukundimva?

Mukundimva?
Ndafunsa kachisanu m'mawa uno.
Pa galasi la laputopu pali timabokosi takuda makumi anayi,
tangokhala duu ngati mazenera a ku Chikanda
chitsekereni zipata mliri uja,
ophunzira atanyamula zikwama kumka kwawo.

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikudya fumbi la choko.
Wosochera ndinkamudziwa poona nsidze zake.
Lero ndikulankhula ndi mdima wokhala ndi mayina.

Asiyatu wa ku Jali walowa, watuluka, walowanso.
Akuti netiweki imagwira pa chulu cha kuseri kwa chigayo,
ndiye funso lake limafika lodukaduka,
losakanikirana ndi injini komanso mbuzi ya eni.
Lekeleni sanaoneke sabata yonse.
Foni ndi ya mlamu wake wakabaza,
imafika pakhomo dzuwa litalowa, moto utatsala kadontho.

Lachitatu magetsi anathima ndili pakati pa chiganizo.
Ndinapitiriza kufotokoza, osadziwa,
kwa khoma, kalendala ndi nalimata.

Usiku womwewo ndinakhalira pansi manotsi anga.
Phunziro la maola awiri ndinalisenda ngati chinangwa
n'kuliduladula, mphindi zisanu zisanu,
mawu okha, popanda nkhope yanga yodya bandulo.
Ndimajambula m'bandakucha,
agalu a ku Matawale atatopa kuuwa,
bulangete kumutu
kuti mvula ya pa malata isalowe nawo m'kalasi.

Ku msonkhano wa aphunzitsi ankatamanda
mapulogalamu atsopano ochokera kunja.
Ndinakweza dzanja:
bwanji tiyambe tafunsa mtengo wa bandulo,
tiuike pambali pa mtengo wa ndowa ya chimanga?
Kunali zii.
Kaya inali netiweki.

Dzulo pakati pa usiku foni inanjenjemera.
Lekeleni.
"Madamu, kachidutswa kachitatu ndakamvera kanayi.
Pa chitsanzo chachiwiri paja,
pepani, koma ndikuona ngati munaphonya."
Ndinadzuka, ndinayatsa kandulo, ndinawerengeranso.
Ndinaphonyadi.

Kunja nkhungu inali itatsika m'phiri mpaka pa mpanda.
Ndinakhala m'mphepete mwa bedi
ndikuseka ndekha, mapazi ali pa simenti yozizira,
chala chikusakasaka zilembo:
Wakhoza, mwanawe.
Bwereka foniyo mawa usiku, ujambule mawu ako,
uwafotokozere anzako.
Ine ndikhala chete, ndikumvere.