Telala wa Pakhonde la a Mukhwapa

Ndakhala pakhonde ili zaka makumi atatu ndi zinayi,
phazi pa makina, maso pa msewu wa Luchenza,
ndiye musandiuze za a Mukhwapa.
Ndinawadziwa asanasanduke chikwangwani.

Anali mnyamata wa njinga yopanda mabuleki,
sutikesi yamalata pakaliyala:
singano, mchere wa m'kapu, machesi,
kudikirira pageti la esiteti tsiku lamalipiro
othyola tiyi akamatuluka, zala zili bii,
ndalama atamanga pansonga ya chitenje.

Kenaka okala. Kenaka chipinda.
Kenaka anagumula khoma, nagumulanso lina,
mpaka munthu unkalowa kudzafuna batani
n'kutuluka ndi khasu, nyali ndi nsapato za mwana.
Uku nsalu, uko mapoto, kumapeto simenti ndi misomali,
ndipo ukakwera masitepe
madiresi aukwati ali chilili m'galasi, kudikira eni ake.

Sanali mngelo ayi.
Ankawerenga maswiti m'botolo madzulo alionse.
Esinala anamuchotsa ntchito chifukwa cha theka la yadi.
Ine lendi ya khonde sankandikhululukira
ngakhale mwezi wa Febuluwale, wosoka zigamba zokhazokha.

Koma chaka chomwe madzi anatsika ndi miyala
anthu n'kufika kuno matope m'mawondo,
anatsekula zitseko pakati pa usiku,
mabulangete onse a m'shelefu n'kuyala pansi.
Ndipo buku langongole lija, lachikuto chofiira,
ndinawaona ndi maso angawa
akung'amba masamba ake kukolezera mbaula.
Kutacha anakana.
Anati adya ndi makoswe.

Atatisiya, ana anabwera ndi tepi yoyezera
maluwa asanafote pamanda.
Lero m'katimo ndi timakoma tamatabwa:
wamafoni, wakaunjika, wometa,
pamwamba mpingo wofuula Lachitatu lililonse.
Dzina lawo pakhoma mvula inadya pakati,
patsala MU ndi PA,
ngati khomalo likufunsa: muti? pati?

Komabe kondakitala wa minibasi, mwana wadzana,
wosadziwa n'komwe kuti ankatsimphina mwendo wamanzere,
amakuwa tsiku ndi tsiku: "Otsika pa Mukhwapa!"
Ndipo anthu amatsika.

Sikelo yawo ili ndi ine, pansi pa makina.
Palibe anaifuna.
Ntchito ikasowa ndimaipukuta fumbi,
n'kuikapo lumo, kapena dzanja langa lokalambali.
Muvi wake umanjenjemera kaye usanaime,
ngati ukuopabe
kuti abwera kudzaona ngati wanama.