Zotsala Pogawa

Livio atamwalira, ambulera yake inasowa.
Ndinaipeza patapita masiku makumi anayi
m'basi yopita ku Barcola,
itakolekedwa pampando wakumbuyo,
chigwiriro chake chothyoka
chili chimangidwire ndi waya uja ndinakulunga ndekha.
Kunja bora inali kuwomba,
mphepo ya kuno ku Trieste yogwetsa anthu ngati mabotolo,
ndipo palibe wamutu wake amanyamula ambulera tsiku lotere.

Ine ndine Ondina Cergol.
Ndaphunzitsa fizikisi zaka makumi atatu,
sindilira m'basi.
Ndinatsika, ndinakwera ku ofesi, ndinatola choko.

Tiyerekeze, ndinalemba,
kuti moyo wa munthu ndi mzere.
Wanga uwu, wa ambulera uwo.
Mzindawu uli ndi mabasi angati,
mipando ingati, maulendo angati pa tsiku?
Chulukitsa. Gawa. Chotsera Lamlungu.
Yankho linatuluka lowonda ngati tsitsi,
ziro zambiri kutsogolo, kanambala kumapeto,
koma silinali ziro.
Chimene sichili ziro chimachitika ndithu,
kwa wina, kwinakwake, Lachiwiri lililonse.
Ndinadziuza: basi, watha mlandu.

Mlandu sunathe.
Pachifuwa panali potenthabe.

Ndiye ndinatsegula chigawo china pabolodi,
ndinatcha kutenthako dzina, T, tanthauzo,
ndinalipatsa kulemera ngati mwala,
ndinati limakoka zinthu ziwiri zotalikirana
monga mwezi ukokera madzi padoko.
Ndinati limachepa masiku akamapita.
Ndinajambula mzere wotsetsereka, wokongola,
moti ndinaiwala khofi mpaka anazizira.

Tjaša, mwana wa sukulu wa ku Sežana,
analowa ndi mapepala ake, nayima phee.
Anawerenga kuchokera kumanzere mpaka kumanja
kenaka anafunsa:
Aphunzitsi, T ameneyu mumuyeza ndi chiyani?
Makilogalamu? Masekondi?
Nanga ndikanakhala pampandowo ndine,
bwenzi ndikuona ambulera yakale yoti itayidwe.
Nambala yanu ikusintha ndi wokhala pampando.

Ndinafuna kumukalipira.
Ndinamuphunzitsa ndine kufunsa chonchi.

Usiku umenewo ndinagula kope lofiira
lolembamo masiku amene sikunachitike kanthu.
Lachitatu: palibe.
Lachinayi: wina anatsokomola pamasitepe, sanali iye.
Lachisanu: wailesi sinaimbe nyimbo yathu.
Loweruka: njiwa pawindo, njiwa wamba.
Masamba anadzaza ndi zii,
makumi asanu ndi atatu, kenaka zana,
ndipo ndinaona chimene mtima umaba:
umasunga tsiku limodzi lowala
n'kutaya ena onse kuseri kwa nyumba
kuti chiwerengero chiwoneke chodabwitsa.

Izi ndikuzidziwa tsopano, ndingazilembe pamayeso.
Ndafufuta T pabolodi,
fumbi lake linandikhala pamkono wa juzi.
Ndinapita ngakhale ku ofesi ya katundu wotayika,
bambo wa kumeneko, Egidio, anatsegula buku lake:
ambulera zokwana mazana asanu ndi awiri chaka chatha chokha,
zina zimayenda m'basi mwezi wathunthu
oyeretsa akungozikankhira pambali.
Si zachilendo, mayi, anatero.
Ndinamuthokoza. Ananena zoona.

Komabe pogawa pamakhala zotsala.
Ana aang'ono amazidziwa, amazilemba pambali:
zisanu ndi ziwiri kugawa kwa atatu,
aliyense ziwiri, kutsala chimodzi.
Ife akuluakulu timachiphwanya m'timadontho
mpaka chisaoneke.

Changa chotsala chili kuseri kwa chitseko,
chakuda, nthiti imodzi yopindika,
chikununkhabe fodya wa m'kaliwo.
Sindinena kuti anaitumiza ndi iye.
Sindinena kuti mzinda uli ndi maso.
Mvula ikagwa ndimaitenga,
ndimatsika nayo mpaka pa Molo Audace,
dzanja langa pa waya paja,
pomwe dzanja lake linkakhala,
ndipo imadontha pamalo pomwe inkadontha kale,
paphewa lakumanzere,
mbali imene ndinkayenda ine.