Wakanidwa

Kunja Brno wafunda chipale chofewa.
Sitima za mumsewu zagona mondondozana m'depoti,
ine ndili kunsi kwa nyumba, m'chipinda cha makina,
momwe mafani amalira osameza malovu
ndipo khofi amazizira usanamulawe.

Makiyi onse a muno ndi anga.
Ndikalemba dzina langa, zitseko zimadzitsekukira.
Koma usiku uno ndatuma kauthenga kochepa,
koti zikwangwani za m'masiteji ziyakenso,
ndipo kabwerera manja ali m'khosi.

M'mimba mwa seva muli basi yosaoneka,
yopanda matayala, yopanda utsi,
yonyamula mauthenga kuchoka pulogalamu iyi kunka iyo.
Kauthenga kanga kanafika pakhomo, phazi lili m'mwamba,
kondakitala n'kukayang'ana chidindo cha pamphumi.
Wakanidwa.

Ndati, kodi ukundidziwa ine?
Zaka khumi ndi chimodzi ndili pampando uno!
Iye nkhope saidziwa.
Amangofunsa: wachokera kwa yani,
ukupita kwa yani, kukatani?
Chosalembedwa m'buku n'choletsedwa,
ngakhale mwini basi aima pamzere.

Bukulo analemba ndi Ctibor Hanák
asanapume ntchito n'kukaweta njuchi ku Tišnov.
Tinkakangana mpaka masangweji kuuma.
Iye, akupukuta magalasi ndi tayi:
"Vendula, iwe sindikukukayikira ayi.
Ndikukayikira amene adzavale dzina lako
ngati chikhoti chotola pa msomali."

Foni yalira. Ndi Oldřich wa kumtunda:
sitima yoyamba ituluka hafu pasiti folo,
zikwangwani zonse zili bii,
anthu aima pachisanu osadziwa chobwera.
Tachitani changu, mayi.

Ulipo mzere umodzi, tonse timaudziwa,
wogoneka kondakitala tulo tofa nato.
Ukaulemba, aliyense akwera,
wachidindo ndi wopanda chidindo yemwe.
Ndaulemba.
Chala chaima pamwamba pa batani
ngati mphaka pamphepete pa tebulo.

Ndati ndione kaye m'kaundula wa okanidwa,
mwina ndipezemo pomwe ndaphonya.
Langa dzina lilipo, kumunsi, 3:12.
Koma pamwamba pake liliponso.
1:47. 1:48. 1:48 kachiwiri.
Ndawerenga mpaka makumi anayi, ndaleka.
Nthawi imeneyo ine ndinali kunyumba ku Židenice,
ndikufungatira mwana wanga Matouš
pa nthunzi ya m'bafa, chifuwa chitamugwira.
Wina anali pakhomo pano, atavala ine,
akupempha basi imutengere kumene ndalama za matikiti zimagona.
Wakanidwa. Wakanidwa. Wakanidwa.

Ndafufuta mzere uja, chilembo chimodzichimodzi.
Manja akunjenjemera, osati ndi kuzizira.

Ndasintha mawu achinsinsi onse,
ndaitana achitetezo, adzuka akung'ung'udza.
Kenaka ndayamba kusema kakhomo kakang'ono:
chidindo ichi, kupita kwa uyu yekha,
kukanena mawu awa okha, osaonjezera.
Ndalakwitsa kawiri. Poyamba ndinaiwala kadontho,
kachiwiri ndinatsekula motakata, ndadzikalipira ndekha.
Oldřich waimbanso. Sindinayankhe.

4:21.
Kauthenga kakwera.
Basi yanyamuka.
Basi.

Ndatuluka kukadali mdima, nsapato zikuti fwaa m'chipale.
Pa siteji chikwangwani chikuti mphindi zisanu ndi imodzi.
Mayi wina wa yunifolomu ya kuchipatala wachiyang'ana,
wabisa chibwano m'sikafu, osaganizanso za icho.
M'sitima mulibe woyendera matikiti,
komabe ndagunditsa khadi langa pa kamakina,
ndadikira mpaka kalire.

Loweruka ndipita ku Tišnov kukagula uchi.
Ctibor adzafunsa za kuntchito,
ine ndidzati zonse zili bwino.
Ndikamuuza, adzapukuta magalasi aja
mwa njira ija,
ndipo sindingapirire.