Chilembo chosatenga munthu

Lachitatu ku Moatize magetsi anachezera,
ine ndinachezera nawo, malaya paphewa,
kuseri kwa shopu ya mafoni ya Bambo Khembo,
fumbi la malasha likulowa pansi pa chitseko.

Ntchito yanga ndi yaing'ono.
Madalaivala a mathiraki a msewu wa ku Zobwe
ali ndi chipinda chochezeramo, cha malemba okhaokha,
poti netiweki ya kumalire imadontha ngati mpopi wakutha.
Pulogalamu yanga imakhala pakhomo ndi kaundula:
uyu ali ndi mawu, uyu agwira makiyi, uyu adikire.
Wopanda mawu, uthenga wake sufika m'mafoni.

Seva sichulutsa gaga m'diwa.
Imaponya kamzere basi:

-l+vo Zefaniya Rozita

Kuwerenga kwake nkwapang'onopang'ono,
kuyambira kumanzere, chilembo chimodzichimodzi.
Kamtanda kakuti patsa, kamzere kakuti landa,
ndipo chizindikirocho umachisunga m'manja
mpaka chinzake chitabwera kudzachichotsa.
v ndi mawu. o ndi makiyi a chipinda.
Chilichonse chimatola dzina pamndandanda,
woyamba kufika, woyamba kutola,
monga mathiraki pa sikelo.

Koma l ali ndi khalidwe lake.
Ndiye malire a anthu olowa m'chipinda.
Ukamuika amafuna nambala, makumi asanu kaya zana.
Ukamuchotsa amachoka yekha, manja lendee,
osatenga kanthu, osatenga munthu.
Izi ndinaziwerenga chaka chatha. Ndinaiwala.

Ndiye l wanga anameza Zefaniya.
Mawu a Zefaniya anagwera Rozita,
makiyi a Rozita anasowa mwini,
ndipo pulogalamu sinadandaule,
inatseka kaundula ngati kalaliki woweruka.

Masiku atatu.
Ndinapeza mauthenga ake m'fayilo ya zotayidwa,
makumi awiri ndi limodzi, atandandalikana ndi nthawi zake.
Woyamba: mwadzuka bwanji anzanga.
Wachinayi: dizilo watha pa Mussacama, musadalire.
Wachisanu ndi chinayi: ekiselo yathyoka,
ndili pachitunda, ndani ali pafupi ndi jeke yaikulu?
Kenaka: mukundiona?
Kenaka: Rozita, ndakulakwira chiyani?
Wotsiriza unali kadontho kamodzi,
munthu kugogoda kuti amve ngati khomo lilipo.

Kukonza kunali mizere inayi.
Ndinagawa zilembo m'magulu:
zotenga dzina nthawi zonse,
zotenga pokhapokha poikidwa,
zosatenga konse.
Ndinaleka kuloweza pamtima,
seva imanena yokha magulu ake pa moni woyamba,
bola kumvetsera.
Ndinaonjeza kuti maina akaperewera kapena kutsala
pulogalamu iime, ikuwe, indidzutse.
Ndinayesa ndi mzere uja kakhumi.
Zefaniya analandira mawu kakhumi.

Sitima ya malasha inadutsa cha m'ma folo,
mabogi ake ndinawerenga mpaka kusokonezeka.

Kutacha ndinamuimbira.
Anali atafika kale ku Tete, tsidya la mlatho,
akudya buledi ndi tiyi, injini ikulira kumbuyo.
Jeke anabwereka kwa munthu wa ku Beira wosamudziwa,
atagona pansi pa thiraki usiku uwiri.
Ndinafotokoza za l, za kamzere, za mndandanda woterereka.
Anangoti zii, kenaka anafunsa:
ndiye kuti palibe anandikwiyira?
Ndinati palibe.
Rozita?
Sanaone kalikonse.
Anapuma mpweya wautali. Ndimati ndi za ngongole ija, anatero,
mametikali mazana atatu a mwezi wa Juni.
Ndamutumizira dzulo.

Bambo Khembo anatsegula shopu, nandipeza ndili maso psuu.
Pa sikirini, pambali pa dzina la Zefaniya,
kamtanda kanali katabwerera.
Sanalembe kanthu mpaka masana,
pomwe anafunsa mtengo wa tayala lakale.