Masiku Asanu ndi Anayi Tisanakwere ku Gudauri

Bambo ayala mapu patebulo la kukhitchini,
ngodya zake apsinja ndi botolo la mchere,
kapu, magalasi awo, ndi chigongono.
Panja mzinda wa Tbilisi ukungonyowa,
mvula yachabechabe, yosasanduka kanthu.
Kumtunda, akutero, yomweyi ikugwa yoyera.

Ine ndagwira pensulo. Wa masamu m'nyumba muno ndine.
Masiku atatu kwa mayi Lamara, chipinda choyang'ana kuchigwa,
matcheni a matayala tibwereka kwa Vakhtang wa pansipa,
petulo, matikiti a mipando yolendewera pachingwe,
ndi kandalama kena kapambali
komwe sindinakalembe dzina
chifukwa dzina lake ndi ambulansi.

Lachiwiri dokotala sanapite m'mbali:
mamita zikwi ziwiri n'kupitirira,
mpweya wa kumeneko ndi wopyapyala ngati tiyi wa m'chipatala,
mtima wanu udzapempha wowonjezera, phiri silidzapereka.
Bambo anagwedeza mutu ngati mwana wasukulu,
potuluka n'kundifunsa
ngati sitolo ya phula ikadalipo pakona paja.

Ikadalipo.
Tsopano nyumba yonse ikununkha phula lotentha.
Atulutsa matabwa awo otsetserekera kuseri kwa kabati,
aatali kuposa chitseko, utoto wofiira utasuluka,
awagoneka pamipando iwiri ngati wodwala,
akuwasita ndi nsimbi ya malemu amayi
pang'onopang'ono, kuyambira kumphuno mpaka kumchira.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ankalawira mumdima
kukaponda chipale alendo akadali m'mabulangete,
kubaya ndi ndodo, kutchera khutu,
ngati phiri lagona kapena likuganiza zogumuka.
Lero masitepe a nyumba ino amawapumitsa kawiri.

Mchimwene wanga Zaza waimba kuchokera ku Kutaisi.
Mwapenga nonse awiri. Dikirani Malichi, kukayamba kufunda.
Bambo andilanda foni.
Chipale cha Malichi ndi phala, mwanawe.
Cha Januwale chimayankha ukachiponda, kwichi, kwichi,
ndipo palibe amene wandilonjeza Malichi.
Zaza wangoti zii.
Patapita nthawi wati tidikire, abwera ndi galimoto yake,
ija yathu ilibe mphamvu pachitunda.

Usiku ndikulongedza ndekha.
Mapiritsi oyera a m'mawa, achikasu a madzulo,
masokosi aubweya, mafuta opaka milomo.
M'thumba la jekete la amayi ndapeza golovesi imodzi
ndi tikiti yopindikapindika, tsiku lake litafufutika.
Inzake inagwa ali m'malere, pampando wachingwe,
ndikukumbuka kuseka kwawo, dzanja lili m'khwapa mwa bambo.
Ndaiponya m'chikwama osafunsa munthu.

Tapangana chonchi:
tsiku loyamba palibe kukwera,
tikhala pakhonde, thupi lizolowere, magazi aphunzire.
Lachiwiri kamtsetse ka ana, kamodzi kokha, ine kutsogolo.
Lachitatu tidzaona.
Asayina pansi pa pepala mwaulemu wonse
ngati pangano la maboma awiri,
koma chala chawo ndachiona
chikuyenda pamapu mwakachetechete
kupitirira pomwe pensulo yanga inaima,
kutsata mzere wakuda uja, kukwera, kukwerabe,
mpaka pamene pepala langoti mbee.

Sindinanene kanthu.
Ndafufuta nambala imodzi, ndalembanso yomweyo.

Wailesi ikuti msewu wa kumtunda watsekedwa,
malole afola mzere kudikira kuti kuche.
Ine mtima uli m'mwamba, bambo akumwetulira:
ndiye kuti chagwa chochuluka.
Azimitsa nsimbi, apukuta manja pathalauza,
atsegula zenera, kuzizira n'kulowa ngati mlendo wodziwa nyumba.
Atulutsa dzanja mumdima, chikhatho chili m'mwamba,
aima choncho nthawi yaitali
kuyesa ngati mvula yayamba kupepuka.