Dzanja Limene Ndinabweza

Anandiuza Lachinayi kuseri kwa msika wa Kapata,
ndikumangirira matumba a makala pa njinga:
Loweruka ukumana ndi Lazalo wa ku Mchini.
Lazalo uti?
Uja chigayo chinamudya mkono.

Ndinayamba ndaseka. Kenako njinga inandilemera.

Usiku ndinagubuduka pa mphasa, kuwerengera.
Ndikamugwetsa, adzati wamenya wolumala.
Akandigwetsa, ana a ku Navutika adzandiyimba mpaka Khirisimasi.
Amayi anati usapiteko, limenelo ndi tchimo.
A Shawa, otiphunzitsa nkhonya, anangolavula chotokosera m'mano:
wasaina yekha, dokotala wamupima mtima ndi maso,
nanga iwe ukufuna kumupima chiyani?

Holo inanunkha thukuta ndi fumbi la Okutobala.
Ena anabwera kudzaona nkhonya,
ena kudzaona pamene mkono unathera,
koma pakhomo onse analipira mtengo umodzi.
Anamuveka golovesi imodzi.
Inzake inatsala pa benchi, kukamwa yasa.
Mlongo wake Tisiyenji anakulunga chigongono ndi bandeji,
pang'onopang'ono, osayang'ana munthu.

Belu.

Kumanzere kwake kunali nyumba yopanda chitseko.
Nthiti poyera, ndimatha kuziwerenga.
Dzanja langa lamanja linanyamuka lokha,
monga linaphunzirira zaka zisanu ndi ziwiri,
ine n'kulibweza.
Kachiwiri, n'kulibweza.
Kachitatu ndinamenya mphepo dala
ndipo anthu anaombera m'manja ulemu wanga.

Tinakolana pa zingwe, chipumi pa chipumi,
mpweya wake wotentha m'khutu langa:
Miyezi isanu ndakwera Kanjala tambala asanalire.
Sindinakwerere kudzavina nawe.
Ukandibwezeranso dzanja, usadzandipatsenso moni.

Ndinamenya.

Phokoso lake ndimalimvabe,
ngati thumba la chimanga likagwa pa lole.
Anapinda bondo. Mayi wina kumbuyo anakuwa,
Mulungu akukuona iwe!
Woyimbira anawerenga kufika sikisi,
Lazalo n'kudzuka, magazi m'mano, akuseka,
ndipo sindinalione dzanja limene linabwera,
dzanja limene zaka khumi lalima, lasenza, lamanga mabatani,
lagwira ntchito ya awiri popanda wolilandira.
Denga linatembenuka.
Dzino langa la m'mwamba likugwedera mpaka lero.

Atatha malaundi anayi anati ndapambana ine.
Woyimbira anaima pakati pathu, anagwira dzanja langa,
kwinako anatambasula mwachizolowezi
n'kugwira mphepo.
Holo yonse inaona. Palibe anatsokomola.
Lazalo yekha anazungulira, n'kumupatsa lamanja.

Panja, mwini masewera amawerenga makwacha pa boneti ya galimoto,
kunyowetsa chala ndi malovu.
Holo sinadzazepo chonchi, anatero,
mwezi wamawa tibwereze,
pa chithunzi aime chammbali kuti mkonowo uoneke bwino.
Apo ndiye m'mimba munanditembenuka,
kuposa pamene nthiti inalira pansi pa golovesi yanga.
Ndinafuna kufunsa Lazalo ngati wamva.
Anali atamva. Amawerenga zake, ndi chala chachikulu,
za fizi ya Tisiyenji.

Lolemba anabwera ku Kapata akuyenda mopendekera,
kudzagula makala.
Ndinamuikira mbasela, zidutswa zinayi zazikulu.
Anazichotsa chimodzichimodzi, kuzibwezera pa mulu wanga,
n'kunenerera mtengo ngati wina aliyense,
mpaka anandidya ma kwacha awiri.

Amayi sanandifunsebe za tsikulo.
Madzi osamba amandiikira, koma nkhaniyo ayi.
Ine ndikamapalasa njinga kukwera ku Moth,
lilime limapita lokha pa dzino lija, kuligwedeza,
ndipo ndimayambanso kuwerenga:
zitatu zimene ndinabweza,
imodzi imene ndinaponya.
Pa zinayizi pali imene ndiyenera kupepesa.
Ndikafika pamwamba pa chitunda ndimakhala nditasintha yankho.