Mchere wa ku Colchani

Nélida wafika Lachisanu pa basi ya ku Oruro,
chikwama chodzaza mabuku, nsapato zosayenera kuno.
Wandipeza ndikukokolola mchere ndi fosholo,
ndikuunjika timilu kuti madzi akhe,
nkhope nditaikulunga mpaka m'maso,
poti dzuwa la kuno limaluma kawiri:
kuchokera kumwamba, kenako kuchokera pansi.

Watola kambulu ka mchere, nati:
Bambo, zaka makumi anayi mukupala zimenezi,
mukudziwa chimene chimazigwira pamodzi?
Ndati kuzizira. Waseka mpaka kutsokomola.
Wagwada, najambula ndi msomali pansi poyera mbee
mabwalo atatu, lina mkati mwa linzake,
ngati pamadzi ukaponyapo mwala.

Iyi ndi atomu ya sodiyamu, akutero.
Mabwalo am'kati ngodzaza, kulibe wodandaula.
Koma kunja kuno kuli elekitironi imodzi yokha,
kutali ndi phata,
yongogwiridwa ndi nsonga za zala.
Uyu ndi kolorini. Ali nazo zisanu ndi ziwiri
pa bwalo lofuna zisanu ndi zitatu,
ngati munthu woguluka dzino:
lilime silichoka pagwerupo.

Akakumana, sodiyamu amangopereka.
Safunsa risiti.
Wopereka amasanduka pulasi, wolandira mayinasi,
dzina lawo tsopano ndi ma ayoni,
ndipo poti uyu waperewera pomwe uyo wachulukira,
sasiyananso.
Payekha sodiyamu amalilima akagwa m'madzi.
Payekha kolorini ndi mpweya wotsamwitsa.
Pamodzi, Bambo, timawathira mu supu ya kinuwa.

Ndakweza maso mpaka kuphiri la Tunupa.
Chigwa chonsechi, choyera osaona polekezera,
chimene chinadya mawondo anga ndi matayala a lole,
kani ndi mphatso yosabwezedwa
yongobwerezedwabwerezedwa?

Nanga madzi? ndafunsa, kuti asaleke kulankhula.
Amenewo sapatsana, akutero, amafunda bulangete limodzi.
Ma hayidirojeni awiri, okosijeni pakati,
ma elekitironi ndi a onse,
kungoti okosijeni amakokera bulangetelo kwake.
Ndakhala chete.
Mayi ake, Fermina, ankatero mu Julayi,
chisanu chikamang'amba malata,
ine n'kudzuka msana uli zii
iye ali mtulo, nsalu yonse ataikulunga m'manja.
Zaka zisanu tsopano ndimafunda ndekha lonse,
ndipo silifunda.

Wapondaponda pansi ndi nsapato zake za m'tauni.
Kunsi kuno, m'madzi owawa, muli litiyamu.
Nayenso ali ndi imodzi yakunja, yosachedwa kutayika.
N'chifukwa chake amamufuna m'mabatire,
n'chifukwa chake magalimoto a anthu ovala zipewa zolimba
amadutsa osatipatsa moni.
Ndati, kani wosavuta kupereka
ndi amene dziko lonse limamukumba.
Iye wati zimenezo sizili m'buku.

Usiku ndawerenga ana anga pa zala.
Eusebio amapera mchere kuseri kwa nyumba.
Marcial amaumanga m'timapepala, n'kumata ndi lawi.
Amenewo ndi bwalo lam'kati.
Wotsiriza ndi uyu wagona ndi buku pachifuwa,
amene ndinamugwira ndi nsonga za zala
tsiku limene sukulu inatsegula pakamwa pake pagweru.

Lamlungu pa siteji ndamufunsa:
Kodi elekitironi ija imabwerera kwawo?
Waganiza kanthawi, nati, mu mchere ayi.
Koma popanda kuchoka kwake, Bambo,
awiriwo sakanadziwana n'komwe.
Ndamupatsa thumba la makilo awiri.
Wati ku Oruro mchere uliko.
Ndati ndikudziwa, ndi ine ndimautumiza.

Lolemba ndabwerera paja anajambula.
Madzi akwera usiku, mchere watsopano wamera m'mizere,
mabwalo aja akungooneka mwa apo ndi apo.
Kadontho kakunja kokha ndi kamene katsala,
poti anakanikiza msomali kwambiri.
Ndakalambalala ndi fosholo.